Anapiye a mu Juni ndi nkhuku zothawira mumtengo mu Okutobala

Nambewe, Chonde: Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba: anapiye 30 a tsiku limodzi, a mtundu wa Kuroiler, akufika kumapeto kwa Juni, chiperoni chili pachimake. Akonzeredwe chiyani kuti asathe m'sabata yoyamba? Lachiwiri: bwanji nkhuku zimene zimalowa zokha m'khola miyezi yonseyi, ikangokwana Okutobala zimayamba kugona mumtengo wa mango?

A Phiri, Luchenza: Zikomo mayi. Tiyambe ndi anapiyewo. Mwanapiye wa tsiku limodzi alibe nthenga, ali ndi ubweya chabe, ndipo thupi lake silitha kusunga kutentha palokha. Ntchito ya mapiko a make muigwira ndinu.

Zingani malo ozungulira ndi makatoni kapena mphasa, kutalika kwake masentimita 50, m'mimba mwake mita imodzi. Akhale ozungulira ndithu, opanda ngodya, chifukwa anapiye akazizidwa amathamangira pangodya n'kusanjikizana, apansiwo n'kufa. Pansi thirani mankhusu a mpunga kapena zopala za matabwa, masentimita 5 mpaka 8. Utuchi wosalala uja ayi, amaudya poyesa chakudya. Nyuzipepala yokha nayo ayi, imaterera ndipo miyendo imatagalala osabwereranso. Masiku atatu oyamba yalani chiguduli pamwamba pa mankhusuwo kufikira adziwe chakudya chawo.

Kutentha, poyezera pamene pali msana wa mwanapiye, kukhale madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba. Sabata iliyonse muzitsitsa ndi madigiri 3. Moto muuyatse maola angapo iwo asanafike, asapeze mankhusu ozizira.

Nambewe, Chonde: Choyezera kutentha palibe, bambo. Ndiye tidziwa bwanji?

Anabanda, Bvumbwe: Anapiye eni akewo ndiwo choyezera, achemwali. Akaunjikana pafupi ndi moto uku akulira mokuwa, kwazizira. Akathawira m'mbali, kukamwa kuli yasa, mapiko atagwa, kwatentha. Akakhala onse mbali imodzi, pali mphepo imene ikulowa mbali inayo. Akabalalika, wina akudya, wina akumwa, wina wagona chafufumimba ngati wafa, zili bwino, musakhudze kanthu. Nthawi yoti muwaone ndi cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, makala akatha mphamvu. Anapiye ambiri a m'chisanu amafa ola limenelo, osati masana.

A Phiri, Luchenza: Za motowo. Babu lotentha ndi labwino, koma magetsi akazima usiku wa chiperoni mulibe pothawira, choncho mbaula ikhale pafupi. Makala muziyatsira panja, alowe atafiira, utsi utatha. Aikeni mumphika wadothi woboola m'mbali, muukhazike pa njerwa, muutchinge ndi waya kuti anapiye asaukhudze ndipo mankhusu asayake. Ndipo musatseke chipinda chonse ndi pulasitiki. Mpweya wa makala ulibe fungo koma umapha anapiye, umaphanso munthu wogona momwemo. Siyani mpata m'mwamba, tsekani mphepo yam'munsi yokha.

Malume a ku Thekerani: Ana inu mukuiwala mbaula imene Mulungu anapanga kale. Ngati pakhomo pali thadzi limene lakhalira mazira kwa masabata awiri kapena kuposa, litha kulera ena mwa anapiye ogulawo. Usiku kuli mdima chotsani mazira, lowetsani anapiye pansi pa mapiko mmodzimmodzi, osapitirira 10 kapena 12 nyengo yozizira. M'mawa mulawire kukaona. Likamawaitana, lawalandira. Likamawajompha pamutu, achotseni msanga. Zimatheka anapiye akakhala a tsiku limodzi kapena awiri. A sabata salidziwanso thadzi.

Anabanda, Bvumbwe: Zoona malume, koma thadzi limenelo lisatulutsidwe nawo kukayenda m'mame. Kuno mame a Julayi amafika 9 koloko asanaume, ndipo mwanapiye akanyowa pamimba watha. Livundikireni m'dengu lalikulu la nsungwi pamalo ouma, muzilisuntha tsiku lililonse, kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Dengu lomwelo limawateteza kwa kabawi ndi khwangwala.

Wothandiza za ziweto, Thuchila: Ndiwonjezere za tsiku loyamba. Akangofika, madzi ayambe, chakudya pambuyo pa ola limodzi kapena awiri. Madzi akhale ofunda pang'ono, lita imodzi muthiremo supuni imodzi yaikulu ya shuga, tsiku loyamba lokhalo. Gwirani mwanapiye aliyense, viikani mlomo wake m'madzimo. M'mbale yomwera ikanimo timiyala kuti asamire kapena kunyowa. Madzulo papasani chithokomiro cha anapiye angapo: chikhale chodzaza ndi chofewa. Cholimba ndiye kuti akudya osamwa.

Masiku oyambawa muziwayang'ananso kumbuyo. Zitosi zikauma n'kutseka potulukira, nyowetsani ndi kansalu ka madzi ofunda, chotsani pang'onopang'ono, pukutani, pakani Vaseline. Osamatula zouma, mumachotsa ndi khungu lomwe. Zikamachitika kwa ambiri, kawirikawiri vuto ndi kutentha kosakhazikika.

Chizolowezi chothira makapisozi a anthu m'madzi a anapiye osadwala, chonde tisiye. Sichiteteza chitopa, chimangopangitsa kuti tsiku lodzadwaladi mankhwala asagwire.

Achimwene a pa Limbuli: Chakudya tsono. Madeya okha salera mwanapiye. Amakhuta inde, koma zomanga thupi m'madeya n'zochepa, mwina magawo 10 pa 100, pamene mwanapiye amafuna 18 mpaka 20. Amene angathe agule chick mash, chakudya cha anapiye chosakaniza kale, ndipo awerengere makilogalamu 2 kapena kuposerapo pa mwanapiye aliyense m'masabata 8 oyamba. Kwa anapiye 30, thumba limodzi la makilogalamu 50 silifika kumapeto.

Wofuna kusakaniza yekha, pa makilogalamu 10 achite motere: chimanga chogaya mokhakhala pang'ono makilogalamu 4, madeya 2 ndi theka, soya wokazinga ndi kugaya pafupifupi 3, nyenyeswa za usipa kapena bonya theka la kilogalamu kapena kuposako pang'ono, mchere magalamu 30 okha, ndi premix, ufa wogula wa mavitamini ndi michere, monga alembera papaketi. Mchere muyambe mwausakaniza m'kambale ka madeya musanathire m'mulu waukulu, kuopa kuti ungaunjikane malo amodzi.

Soya wamuwisi ndiye msampha. Ali ndi zinthu zoletsa chakudya kugayika m'mimba, anapiye amatsegula m'mimba n'kupinimbira. Kazingani pamoto wapakati uku mukutakasa mpaka mkati mwa njere muchite bulawuni pang'ono ndipo fungo lachiwisi lithe. Akapserera mwaphanso chakudya chake.

Nambewe, Chonde: Nanga nandolo, poti ndiye wapezeka kuno kuposa soya?

Achimwene a pa Limbuli: Amathandiza, koma zomanga thupi zake n'zongopitirira pang'ono theka la za soya, choncho salowa m'malo mwake kilogalamu kwa kilogalamu. Mukazinge kapena kumuwiritsa n'kuumitsa, ndipo mumupatse kwambiri nkhuku zokulirapo. Kwa anapiye aang'ono chiswe chimaposa. Tengani mphika wakale, dzazanimo mapesi odula ndi ndowe zouma, wazani madzi, vundikirani pafupi ndi chulu madzulo, m'mawa mukakutumule pamaso pawo. Chenjezo limodzi: kuno chinyezi n'chambiri, madeya amachita chuku msanga. Madeya onunkha kapena oumbika, ndi chimanga chowola chimene anthu amasankha n'kunena kuti "ichi n'cha nkhuku", zili ndi poizoni wowononga chiwindi. Yanikani madeya tsiku lomwe achoka kuchigayo, thumba likhale pathandala, osati pasimenti.

Wothandiza za ziweto, Thuchila: Katemera. Funsani wogulitsa anapiyewo kuti alandira kale chiyani. Wa gumboro, matenda ofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa anapiye, nthawi zambiri amaperekedwa m'madzi cha pa masiku 14, n'kubwereza patatha sabata imodzi. Achotsereni madzi ola limodzi kapena awiri kuti amve ludzu, sungunulani katemera m'madzi opanda klorini, m'chiwiya chapulasitiki, pamthunzi, ndipo amwe onse maola awiri asanathe.

Wa chitopa amene amatiyenera ife akumudzi ndi I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kaya ndi mwanapiye kaya tambala wamkulu, dikirani iphethire musanaitaye. Amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo miyezi yozolowereka ndi Malichi, Julayi ndi Novembala. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, koma si woti aziyenda m'thumba la malaya padzuwa. Kulungani botolo m'nsalu yonyowa, liikeni m'dengu lopita mphepo. Chitetezo chimakhwima patatha pafupifupi masabata awiri, n'chifukwa chake wa Julayi ndi wosaphonya: ndiye amene amazidutsitsa m'chilimwe, nyengo imene chitopa chimasesa makola.

Malume a ku Thekerani: Ife tinakula tikuthira tsabola ndi madzi a aloe m'madzi a nkhuku chitopa chikamveka mudzi woyandikana. Mukuti n'zachabe?

Wothandiza za ziweto, Thuchila: Pepani malume, pa chitopa sizithandiza. Chitopa ndi kachilombo kopanda mankhwala ochiza, ngakhale kusitolo ya vetenale kulibe. Nkhuku ikayamba zitosi zobiriwira, kugwetsa mapiko ngati yavala jekete, kupuma movutika ndi kupotoza khosi, chotsalira n'kuipatula, ndipo zakufa zikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa. Zimene zimapulumuka pamudzi zikanapulumukabe popanda tsabolayo. Yodwala kale musaipatse katemera. Ndipo nkhuku yogula pamsika, kaya pa Limbuli, pa Nkando kapena pa Luchenza, kapena yamphatso, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Nkhuku zikatchipa mwadzidzidzi pamsika mu Seputembala, dziwani kuti kwinakwake khola likutha.

Matenda ena a anapiye ndi aja otulutsa zitosi zamagazi, pakati pa masabata 3 ndi 6. Amachokera m'mankhusu onyowa, makamaka mozungulira chomwera. Khazikani chomwera pa njerwa chifike pamsana pa anapiye, chotsani ponyowa tsiku lililonse. Akayamba, mankhwala ake ndi amprolium, mlingo wake uli papaketi.

Anabanda, Bvumbwe: Tsopano funso lachiwiri lija, ndipo yankho lake likuyambira kwa anapiye omwewa. Nkhuku imagona pamwamba mwachibadwa, kuthawa zilombo. Mwanapiye wa masabata 4 amayamba kale kudumphira pakatoni. Nthawi imeneyo muwaikire kamtengo kopingasa masentimita 15 kuchokera pansi, muzikakweza akamakula. Moto mutha kuusiya pa masabata 5 kapena 6, nthenga zikamera thupi lonse, poyamba masana okha, kenako usiku. Posamukira kukhola lalikulu atsekereni momwemo masiku 5 mpaka 7 asanayambe kutuluka. Nkhuku imabwerera pamene inazolowera kugona. Anapiye a kumapeto kwa Juni amakhala ndi miyezi itatu ndi theka mu Okutobala, mapiko ali ndi mphamvu, thupi likadali lopepuka. Ngati sanaphunzire mtanda wam'khola, mango uja amawaphunzitsa.

A Phiri, Luchenza: Izo n'za misoti. Koma mayi afunsa za nkhuku zimene zinkalowa kale n'kusiya. Nkhuku yotero siinapenge, yathawa kanthu, ndipo kanthuko kawirikawiri ndi kutentha. Thupi la nkhuku limakhala pa madigiri 41, ilibe thukuta, imadziziziritsa ndi kuyasama ndi kutambasula mapiko basi. Kunja kukafika madigiri 30 yayamba kale kuvutika. Ganizani khola la njerwa, denga la malata lotsika, kazenera kamodzi kamene munatseka ndi chiguduli nthawi ya chiperoni n'kuiwala kutsegula. Njerwa zimasunga dzuwa la tsiku lonse n'kumalitulutsa usiku, ndipo mpweya wotentha umakwera m'mwamba, pomwe pali mtanda. Lowanimo nokha 7 koloko madzulo, muike mutu pamene nkhuku zimagona. Mukatuluka thukuta kapena maso akayabwa ndi fungo la zitosi, mwapeza chifukwa.

Kukonza kwake: gumulani mizere iwiri kapena itatu ya njerwa pansi pa denga mbali ziwiri zoyang'anana, muikemo waya wa mabowo aang'ono. Pamwamba pa malata yalani udzu kapena masamba ouma a nthochi. Pakati pa mutu wa nkhuku ndi denga pakhale mpata wa theka la mita kapena kuposa. Khola la nkhuku 30 likhale pafupifupi mamita 3 mbali zonse.

Mitanda: masentimita 25 pa nkhuku iliyonse, nyengo yotentha 30, chifukwa zimatalikirana kuti zitambasule mapiko. Nkhuku 30 ndiye kuti mamita 9, mitanda itatu ya mamita atatu. Kunenepa kwa mtengo masentimita 4 kapena 5. Pakati pa mtanda ndi unzake masentimita 35 mpaka 40, ndipo womaliza utalikire khoma masentimita 30 kuti michira isakhule. Yonse ikhale pamsinkhu umodzi. Mukaisanja ngati makwerero, zonse zimalimbirana wapamwamba, zogonja zimanyeredwa, ndipo zogonjazo ndizo zimayamba kupita kumtengo. Zachikuda zimakonda mita imodzi kuchokera pansi. Kuroiler ndi za Mikolongwe n'zolemera, musapitirire masentimita 60, chifukwa podumpha zimatupa kuphazi. Zisa zoikira zikhale zotsika kuposa mitanda, apo ayi zizigona m'zisa n'kudetsa mazira.

Malume a ku Thekerani: A Phiri mwanena bwino, koma kutenthako sindikukupatsa malo oyamba. Ndi utitiri. Kutentha kumangouchulukitsa. Pali wina wofiira umene masana sumakhala pankhuku. Umabisala m'ming'alu ya mitengo ndi m'khoma, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi. Mukaigwira nkhuku masana simuona kanthu, mumati khola lili bwino. Pitani usiku ndi tochi, pukutani kunsi kwa mtanda ndi kansalu koyera. Mukaona timizere ta magazi, ndi umenewo. Thadzi lothawa mazira litatsala pang'ono kuswa, lipombo lotuwa, mazira kuchepa, mwini wake kuyabwa mikono akachoka m'khola, zonsezo ndi utitiri. Nkhufi nazo zimabisala pansi pa makungwa, choncho mtengo wa bulugama muusende musanaupachike.

Achimwene a pa Limbuli: Nsungwi nazo muchenjere nazo. Mphako yake ndi nyumba ya utitiri. Dulani pamfundo kuti kumapeto kukhale kotseka, kapena matani ndi dothi, ndipo yong'aluka ichotsedwe. Komanso musakhomere mitanda ndi misomali; ikhale yongokhazika pamphanda kuti muziichotsa.

Wothandiza za ziweto, Thuchila: Onse awiri akunena zoona, ndipo kawirikawiri zimabwera pamodzi. Kachotsedwe ka utitiri: m'mawa tulutsani nkhuku, sesani zonse, udzu wa m'zisa mutenthe. Mitanda itulutseni, muithire madzi owira kapena muiwaule pamoto, panja, kutali ndi denga laudzu. Matani ming'alu, pakani laimu m'khoma. Wazani mankhwala a utitiri ochokera kwa vetenale m'khola, ndipo amene alembedwa kuti ndi opaka pankhuku muwapake kunsi kwa mapiko ndi kumchira, madzulo zitagona. Chimene ambiri amalakwitsa n'kuchita kamodzi. Mazira a utitiri safa, amaswa, ndipo pasabata imodzi akula n'kuyamba kuikira. Bwerezani pakatha masiku 7, kenanso masiku ena 7. Kungotseka khola mwezi umodzi sikuupha, umatha miyezi osadya.

Uja wakuda womatirira kuzungulira maso ndi palipombo, pakani Vaseline wambiri, umabanika n'kugwa. Palafini pafupi ndi maso ayi, amawotcha. Mankhwala a m'dimba kapena osungira chimanga musawathire pankhuku. Ndipo pamthunzi pakhale dzenje la phulusa losakaniza ndi mchenga wouma kuti zizisamba.

Nambewe, Chonde: Nanga kungozisiya mumtengomo mpaka mvula, pali vuto? Poti kumeneko kukuzizira bwino.

Anabanda, Bvumbwe: Vuto lilipo, achemwali. Nkhuku siona usiku, vumbwe amangoithyola ngati chipatso, ndipo wakuba naye savutika. Ikadzidzimuka n'kugwa, galu ali pansi. Udzudzu umaziluma palipombo n'kufalitsa nthomba ya nkhuku. Tsiku la katemera wa Novembala simungazigwire zonse. Yogona kunja imayambanso kuikira kutchire, mazira n'kudyedwa ndi likongwe. Ndiye mvula yoyamba, imene kuno imabwera ndi mphepo, imazipeza zili pamtunda.

Kuzibweza kwake, mutakonza kaye khola: chakudya chamadzulo muziperekera m'kati mwa khola cha m'ma 5 koloko, ndi kaitanidwe kamodzimodzi tsiku lililonse, zikalowa tsekani. Zimene zakwera kale muzitsitse kutada, zimagwirika mosavuta, muzikhazike pamtanda ndi manja. Chitani motero sabata yathunthu osadumphitsa. Yang'aniraninso imene imayamba kukwera, nthawi zambiri ndi tambala kapena thadzi lalikulu. Imeneyo ikagonja zinazo zimatsatira. Chotsani chimene zimapondapo pokwera, kaya ndi thandala la mbale kaya nthambi yam'munsi.

A Phiri, Luchenza: Kwa youma mutu, dulani nthenga zazitali za phiko limodzi lokha, pakati pake, ndi sizasi. Limodzi, kuti izipendekera pouluka. Nthenga yongomera kumene, ya tsinde lakuda, ili ndi magazi, isiyeni. Koma dziwani kuti mwaichepetsera mphamvu yothawa galu masana, choncho ikhale njira yomaliza.

Malume a ku Thekerani: Kuno kumunsi kotentha, khola lam'mwamba ndilo limathetsa mkangano. Nsanamira mita imodzi kuchokera pansi, pansi pake nsungwi zong'amba zotalikirana masentimita awiri kuti zitosi zizigwa koma phazi lisakodwe, denga laudzu lotuluka bwino m'mbali. Mphepo imalowera pansi n'kutulukira m'mwamba. Pa nsanamira iliyonse vekani lata ngati chipewa chozondotsa kuletsa makoswe, pansi mozungulira thirani phulusa chifukwa cha linthumbu, ndipo makwerero muzichotsa usiku. Zitosi zosesa pansipo n'za kudimba. Anapiye osakwana masabata 6 asagone m'menemo nthawi yachisanu, mphepo yapansiyo imawapha. Ndipo amene akusankha mbewu ya kotentha asanyoze kameta. Khosi lopanda nthengalo limaithandiza kupirira dzuwa.

Achimwene a pa Limbuli: Masana a Okutobala nawo akonzedwe. Nkhuku yaikulu imamwa pafupifupi kota ya lita patsiku, kukatentha imatha kufika theka. Nkhuku 30 muziwerengera malita 15, m'ziwiya ziwiri kapena zitatu pamthunzi, zadothi zimasunga madzi ozizira, ndipo masana muwasinthe chifukwa ofunda sizimwa. Chakudya chachikulu m'mamawa ndi madzulo, osati dzuwa lili paliwombo. Zoikira zikamapuma mwawefuwefu zikamba za mazira zimapyapyala. Ikani pambali mbale ya zigoba za nkhono kapena za mazira zowotcha ndi kusinja, zizidya zikafuna. Misoti isanayambe kuikira musaipatse layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira, laimu wake ndi wochuluka, amawononga impso. Idye growers mash, chakudya cha nkhuku zokula, kufikira cha pa masabata 18.

Nambewe, Chonde: Zikomo nonse, ndalemba. Katsala kamodzi: khola lili limodzi, ndipo muli kale nkhuku zachikuda zazikulu. Anapiyewa adzalowe liti?

Anabanda, Bvumbwe: Asanalowe, kholalo lichotsedwe utitiri ndipo zazikuluzo zikhale zitalandira katemera wa Julayi. Pa masabata 6 dulani mbali imodzi ya khola ndi waya, akhale m'menemo ndi kamtanda kawo, azionana ndi zazikulu osakhudzana. Wayayo mudzachotse ali ndi masabata 8 mpaka 10, madzulo, ndipo m'mawa mwake modyera mukhale muwiri motalikirana, kuti thadzi lolusa lisathe kulondera monse. Koma pangodya siyani kachigawo ka waya kokhala ndi kampata kapansi kokwana iwo okha, kothawirako akamajomphedwa.